Zomba ndi Mapiri Ache: Moto Unazima, Koma Madzi Saiwala Khwawa

Munthu wa ku Chikweo amene wamtumiza ku chipatala chachikulu cha Zomba, kapena mphunzitsi amene aitanidwa ku Domasi pa za nchito yache, alawira m'mamawa, nadzera ku Ntaja ndi Nsanama, nafika pa Liwonde dzuwa litakwera. Kwao wasiya dziko lachidikha la m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, kumene maso apenya kutali popanda chotchinga. Koma m'njira monse mapiri amperekeza: Chikala, Chaone, Mongolowe ndi Chinduzi aima mondondozana, ndipo atapitirira boma la Machinga aona Malosa, kenaka Zomba mwini wache, amene nsonga yache ya Malumbe ipitirira mamita 2,000 kuchokera pa nyanja ya mchere. Patsinde pa phiri limeneli pali mzinda umene unali likulu la dziko lino kuyambira 1891 kufikira 1975.

Apaulendo ambiri sadziwa kuti mapiri onsewa ndi a banja limodzi, ndi kuti anabadwa ndi moto. Ana a sukulu akamva za phiri la Nyiragongo, limene linalavula chiphalaphala cha moto pa mzinda wa Goma ku Congo m'chaka cha 2002 ndiponso cha 2021, afunsa aphunzitsi ao ngati phiri la Zomba lingadzachite chomwecho. Yankho lache ndi lakuti iai. Moto wa mapiri amenewa unazima kalekale. Komatu funsolo liyenera kuyankhidwa mosamala, pakuti phiri limene silingaphulike lingathe kupha anthu m'njira ina, ndipo linachitapo kale.

Kubadwa kwa mapiri

Akatswiri a miyala ati mapiri a chigawo chino anapangika pakati pa zaka 135 miliyoni ndi 110 miliyoni zapitazo, munthu asanaoneke pa dziko. Pa nthawi imeneyo miyala yosungunuka ndi kutentha inakwera kuchokera pansi penipeni, nilowa m'ming'alu ya thanthwe lakale. Ina inatulukira kunja monga mapiri ophulika, koma yambiri inaima m'njira, nizizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka. Mwala wozizira mosafulumira ukhala ndi timibulu tikulutikulu ndipo ulimba koposa. Wotere ndiwo mwala wa Zomba ndi Malosa, umene akatswiri autcha syenite ndi granite.

Tsono mvula, mphepo ndi mitsinje zinagwira nchito yao zaka zosawerengeka, nizikokolola miyala yofewa imene inali pamwamba ndi m'mbali. Mwala wolimba uja unatsala chiriri, monga chitsa cha mwanga chitsalira m'munda mitengo ina itaola. Chotero phiri la Zomba si phiri lophulika limene lagona tulo. Ndi muzu wa moto wakale umene nthaka yaubvundukula, ndipo mulibenso ng'anjo pansi pache.

Amene anazindikira za ubale wa mapiriwa ndiye Frank Dixey, katswiri wa miyala wa Boma la Nyasaland, amene ofesi yache inali ku Zomba komweko. M'chaka cha 1937 iye pamodzi ndi W. Campbell Smith ndi C. B. Bisset anasindikiza zimene anapeza, natcha miyala yonseyi dzina la nyanja ya Chilwa. Pa chirumba cha Chisi, m'kati mwa nyanjayo, anapezapo mwala wonga wa laimu umene sunachite kuunjikana pansi pa madzi monga uchitira mwala wa laimu wamba, koma unatuluka m'moto. Mwalawu utchedwa carbonatite, ndipo pa Chisi ndi pamene unayamba kuzindikirika mu Africa monse. Wa mtundu womwewo uli pa Tundulu ndi pa Songwe m'boma la Phalombe, ndiponso pa Kangankunde m'boma la Balaka. Wofuna kuona mwala wotere uli kutuluka wamadzimadzi lero lino ayenera kupita ku phiri la Ol Doinyo Lengai ku Tanzania, pakuti ndilo lokha pa dziko lonse limene likali kuulavula.

Zibvomezi zimene zimveka m'dziko muno, monga cha ku Salima cha 1989 ndi cha ku Karonga cha 2009, sizichokera ku mapiri amenewa. Gwero lache ndi chigwa chachikulu chimene muli Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, kumene nthaka ikali kung'ambika pang'onopang'ono. Chigwachi ndi chaching'ono pa msinkhu poyerekeza ndi mapiri aja. Akasupe a madzi otentha a pafupi ndi Liwonde nawonso ndi a chigwa chomwecho: madzi a mvula alowa pansi kwambiri m'ming'alu, natenthedwa, nabwereranso kumtunda.

Eni dziko ndi alendo

Phiri lalitali likoka mitambo, ndipo pamene pali madzi pasonkhana anthu. Anyanja ndi Amang'anja anali kulima patsinde pa Zomba ndi kuwedza m'Chilwa pamene David Livingstone anafika pa nyanjayo m'mwezi wa Epulo 1859. M'zaka zotsatira Ayao anafika kuchokera kum'mawa, m'dziko limene tsopano ndi Mozambique, ndipo mafumu ao anasankha mapiri kukhala malinga: Kawinga pa Chikala, Malemia cha ku Domasi, Mlumbe ndi Chikowi kufupi ndi Zomba. Anadza ndi malonda a minyanga, nsalu ndi mfuti, ndiponso malonda oipa aja a akapolo. Chisilamu, chimene chiri cholimba ku Chikweo ndi ku Machinga konse kufikira lero, chinayenda m'njira zomwezo za ku gombe. Pambuyo pache, zaka za m'ma 1800 ziri kutha ndi za m'ma 1900 ziri kuyamba, Alomwe anaoloka malire pothawa nkhanza za Apwitikizi, nakhazikika m'chigwa cha Chilwa ndi m'minda ya Azungu.

Za masiku obvuta amenewo chikumbutso chiripo pamwamba pa phiri. Kumeneko kuli dzenje lakuya lotchedwa dzenje la Chingwe, ndipo akuluakulu asimba kuti mafumu anali kuponyamo adani ao ndi anthu odwala khate.

Azungu oyamba kukhala pa Zomba anali a Mishoni ya Blantyre ya Mpingo wa Scotland. Mmodzi wa iwo, John Buchanan, atasiyana ndi mishoni anayamba kulima khofi ndi nzimbe m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Ndiye amene m'chaka cha 1886 anayamba kumangira kazembe wa Britain, Bwana Hawes, nyumba ya nsanja zosongoka imene anthu anaitcha Masongola. Pamene Harry Johnston anadza m'chaka cha 1891 kudzakhazikitsa ulamuliro wa Britain, analowa m'nyumba yomweyo, nasankha Zomba kukhala likulu.

Zifukwa zache zinali zitatu. Madzi a Mulunguzi anali ozizira ndi osaphwa chaka chonse, ndipo mphepo ya patsinde pa phiri inali yabwino kwa Azungu kuposa ya kuchigwa. Chachiwiri, Johnston sanafune kukhala pakhomo pa amishoni ndi amalonda a ku Blantyre, amene sanali kumvana nao kawirikawiri. Chachitatu, njira za akapolo zopita ku gombe zinali kudzera pafupi, ndipo anafuna kuziyang'anira. Nkhondo sinachedwe. Kumayambiriro kwa 1895 Kawinga anathira nkhondo Malemia kufupi ndi mishoni ya Domasi, koma asilikari a Boma anamgonjetsa, natenga linga lache la pa Chikala.

Mzinda wa makalaliki, asilikari ndi aphunzitsi

Blantyre unakula ndi masitolo ndi mafakitale, koma Zomba unakula ndi mapepala. Kuno kunali Bwanamkubwa, alembi ache, osindikiza a Boma, ndi Bungwe Lopanga Malamulo limene linakhazikitsidwa dziko litatchedwa Nyasaland m'chaka cha 1907. Kunalinso asilikari a King's African Rifles, gulu limene linapangidwa m'chaka cha 1902, ndipo Ayao ambiri a ku Machinga ndi Zomba analembedwa m'menemo. Nsanja ya njerwa yokumbukira asilikari amene anafa pa nkhondo ikali chiimire pafupi ndi Cobbe Barracks. Ku Domasi kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes zaka za m'ma 1920 ziri kutha, yophunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi pamodzi ndi akazi ao, ndipo pambuyo pache mafumu omwe. Sukulu ya sekondale ya Akatolika ya Zomba inatsegulidwa m'chaka cha 1942, yachiwiri m'dziko muno pambuyo pa ya Blantyre.

Motero kunabadwa mtundu watsopano wa anthu: kalaliki wa kolala yoyera, womasulira mau m'bwalo la mirandu, mesenjala, sajeni wopuma nchito, mphunzitsi wa satifiketi. Anthu amenewa anaona ndi maso ao m'mene dziko liri kulamulidwira, ndipo ambiri a iwo ndiwo anayamba kufunsa chifukwa chache mwini dziko akhala kunja kwa chipinda chimene mirandu ya dziko lache iweruzidwa. Ku Zomba ndi kumene Bwanamkubwa Robert Armitage analamula za nthawi ya chipwirikiti pa 3 Malichi 1959, ndipo ku Zomba komweko ndi kumene aphungu osankhidwa pa chisankho cha 1961 anakhala pansi, kufikira dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964.

Koma phiri limene linaitana likulu ndi lomwenso linalipanikiza. Kumbuyo kuli thanthwe, kutsogolo kuli zigwembe ndi minda ya anthu, ndipo malo omangapo maofesi ambiri ndi bwalo lalikulu la ndege anali osowa. Boma la Dr. Kamuzu Banda linafunanso kuti chitukuko chikwere kumka pakati ndi kumpoto kwa dziko. Chotero m'chaka cha 1975 likulu linasamukira ku Lilongwe, ngakhale Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba kufikira 1994.

Ena anayesa kuti mzindawu udzafota, koma sizinatero. Chancellor College inasamukira kuno kuchokera ku Blantyre m'chaka cha 1973, ndipo kuyambira 2021 ndiyo itchedwa University of Malawi payokha. Nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko, ofesi ya chiwerengero cha anthu, ofesi ya akatswiri a miyala, osindikiza a Boma ndi bungwe la mayeso la MANEB zonse ziri ku Zomba. Mwana wa Standade 8 wa ku Chikweo sanapondepo mwina mu mzindawu, koma dzina lache lalembedwa kumeneko. Pa kalembera wa 2018 anthu a mu mzinda wa Zomba anapitirira 100,000.

Wofuna kuona mitundu yonse ya chigawo chino pamalo amodzi alowe mu msika wa Zomba. Chinyanja ndi Chiyao zimveka mosinthana pa benchi limodzi. Pali matemba ndi milamba ya ku Chilwa, mpunga wa ku Domasi ndi Likangala, mbatata ya kachewere ndi zipatso za kumalo ozizira zotsika kuphiri. Mzikiti ndi matchalitchi ziri moyandikana. Ngakhale m'ndende yaikulu ya Zomba munatuluka nyimbo zimene zinafika pa mpikisano wa Grammy ku America m'chaka cha 2016.

Napolo

M'mwezi wa Disembala 1946 mvula yoopsa inagwa pa phiri la Zomba, mamilimita oposa 700 m'masiku osakwana awiri. Nthaka ya m'mapiri inakhuta madzi, nigumuka, nitsika m'makwawa pamodzi ndi miyala yaikulu ngati nyumba ndi mitengo yozuka ndi mizu yomwe. Maulalo anakokoloka, magetsi anazima, midzi ya patsinde inakwiririka, ndipo anthu oposa 20 anafa. Likulu la dziko linakhala masiku angapo lodulidwa kwa anzache.

Anthu anati wadutsa Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chisamuka kumka kunyanja, ndi kuononga zonse za m'njira yache. Oimba a Paseli Brothers anaimba nyimbo ya dzina lomwelo imene inamveka kutali, ndipo Steve Chimombo, mphunzitsi wa pa Chancellor College, anatcha buku lache la ndakatulo la 1987 dzina la Napolo. Munthu wophunzira asafulumire kuseka chikhulupiriro chimenechi. Makolo anaona bwino lomwe kuti chinthuchi chichokera m'phiri, chitsata khwawa, ndipo chibwereza njira yache. Katswiri wa miyala anena zomwezo m'mau ena. Mwala wa syenite sumwa madzi. Pamwamba pache pagona nthaka yosazama pamalo otsetsereka kwambiri. Mvula ikachuluka, madzi ayenda pakati pa nthaka ndi thanthwe, ndipo nthaka iterereka monga mphasa yoyalidwa potsetsereka. Chimene chiigwira ndi mizu ya mitengo.

Napolo anaonekanso ku Phalombe m'mwezi wa Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linagumuka ndi kupha anthu mazanamazana. Anabweranso ndi namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, pamene phiri la Soche ku Blantyre ndi mapiri a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu anatsitsa matope pa nyumba za anthu, ndipo akufa ndi osowa anapitirira 1,000. Akale anati madzi saiwala khwawa. Makwawa amene anasefukira m'chaka cha 1946 akalipo, koma anthu okhala m'mbali mwache lero achuluka kwambiri kuposa a nthawi ija.

Phiri ndi nyanja

Nkhalango ya pa phiri la Zomba inaikidwa m'manja mwa Boma m'chaka cha 1913, ndipo pambuyo pache anabzalamo mitengo ya paini ya matabwa. M'zaka zapitazi moto wa m'tchire, macheka ndi nkhwangwa za ootcha makala zadya mbali yaikulu ya nkhalangoyi, ndiponso za ku Malosa ndi mapiri a Machinga. Woyenda pa mseu wa Liwonde m'mamawa akumana ndi njinga zosenza matumba a makala zolunjika ku Zomba. Wootcha makala si mdani wa dziko ai. Ndi bambo wosowa pogwira, ndipo amene agula makalawo ndi wa mu mzinda, kawirikawiri wa nchito ya Boma yemwe. Mlanduwu uli pa onse awiri.

Kutha kwa mitengo kubweretsa mabvuto awiri otsutsana. M'dzinja madzi atsika onse nthawi imodzi ndi ukali. M'chirimwe akasupe aphwa msanga, pakuti nthaka sinasunge kanthu. Damu la Mulunguzi, limene limwetsa mzinda wonse, lidalira nkhalango yomweyo. Mitsinje ya Domasi ndi Likangala, imene ithirira minda ya mpunga ndi kudzaza nyanja ya Chilwa, nayonso ichokera m'mapiri omwewa.

Chilwa ndi nyanja yosazama, yopanda mtsinje woturutsa madzi ache, ndipo moyo wache uli pa mitsinje yolowamo. Inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso cha m'ma 1995, ndipo m'chaka cha 2018 mabwato anagona pa matope ouma. Kuphwa kotere kutsata zaka za chirala ndipo kunalipo chiyambire kale, koma dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo liri kuikwirira nyanjayo chaka ndi chaka. Chilwa inalembedwa pa mapangano a Ramsar monga dambo lofunika pa dziko lonse chifukwa cha mbalame zache. Pakati pa Chilwa ndi Chiuta pali mtunda wa mchenga chabe, umene njanji ya ku Nayuchi inadzerapo m'chaka cha 1970. Chilwa ikauma, asodzi ache asamukira ku nyanja zina, ndipo Chiuta ndiyo iri pafupi. Motero nkhwangwa yolira pa Malosa imveka m'mbale ya ndiwo ku Chikweo.

Chuma cha m'miyala

Moto wakale uja unasiyanso cholowa china. Monga mchere utsalira pansi pa mphika madzi ataphwa, momwemonso miyala yosungunuka imene inazizira potsiriza inasonkhanitsa zinthu zosowa. Pa Tundulu pali mwala wa phosphate wopangira feteleza. Pa Malosa pali timiyala tonyezimira timene osonkhanitsa miyala a maiko akutali atifuna. Pa Songwe ndi pa Kangankunde pali miyala ya rare earth, imene ipangira maginito amphamvu a m'galimoto zoyendera magetsi, makina opukusa magetsi ndi mphepo, ndi mafoni a m'manja. Phiri la Kangankunde linadziwika kwa akatswiri kuyambira nthawi ya Atsamunda, koma linakhala zaka zambiri losakumbidwa. M'chaka cha 2022 kampani ya ku Australia yotchedwa Lindian Resources inapangana zogula ufulu wa mgodiwo.

Nkhani imeneyi ndi yokondweretsa, koma ifuna maso. Mtengo ukadulidwa ubzalidwanso; mwala ukakumbidwa sumeranso. Chimene chinatenga zaka zoposa 100 miliyoni kuti chifike pamene chiri chingathe kutha pa moyo wa munthu mmodzi. Chifukwa chache anthu a ku Balaka ndi Machinga ali ndi ufulu wa kufunsa za chipukuta misozi cha osamutsidwa, za madzi a m'zitsime zao, za nchito za ana ao, ndi za gawo la msonkho limene lidzabwerera ku maboma ao. Mafunso otere si chipongwe kwa Boma kapena kwa kampani. Ndiwo amene athandiza kuti pangano likhale lolimba.

Udindo wa ophunzira

Awerengi a tsamba lino ambiri ndi aphunzitsi ndi anchito a Boma, ndipo mbali yaikulu ya nkhaniyi iri m'manja mwao. Mphunzitsi wa ku Chikweo, Ntaja kapena Ulongwe safunika kutenga chitsanzo cha mapiri a moto m'buku la ku Ulaya pamene Chikala ndi Kangankunde ali pakhomo. Mwana amene waphunzira chifukwa chache phiri la kwao liri pamenepo adzamvetsanso chifukwa chache mitengo yache iyenera kukhala. Wogawa malo mu mzinda akumbukire 1946 asanalole nyumba m'khwawa. Woyang'anira nkhalango, wa zaulimi ndi wa za migodi adziwe kuti ali kusamala chinthu chimodzi, ngakhale maofesi ao ali osiyana.

Zomba analandidwa ulikulu zaka zambiri zapitazo, ndipo zimenezo sizidzabwerera. Chimene chinaitana Buchanan, Johnston, ndi mafumu a Ayao asanafike iwowo, ndi madzi otsika m'phiri, ndipo madziwo akali kutsika. Ngati adzatsika monga Mulunguzi womwetsa mzinda kapena monga Napolo, zidzatsata m'mene anthu a mbadwo uno achitira ndi mitengo ya pamwamba pache.